Kiyi wa chitseko chakumbuyo ali ndi ndani?

Lero sindilemba za phala la mwana kapena za katemera. Ndabwera ndi nkhani imene yakhala ikundidya mumtima, ndipo mundikhululukire ngati mawu ena atuluke akuthwa.

Ndiyambe ndi usiku wina. Ndinali pa naiti m'wodi ya amayi amene angochira kumene, pa chipatala china cha boma. Dzina lake sinditchula, chifukwa zimene ndinaona kumeneko ndazionanso kwina. Cha m'ma 1 koloko magetsi anathima, ndipo jenereta inalibe mafuta. Ine ndi mnzanga tinkaunikira ndi tochi za pafoni. Gogo wina amene ankadikirira mwana wake wochitidwa opaleshoni anayatsa kandulo kuti aone bwino posintha thewera la khanda. Anaiimika pa kakabati ka pambali pa bedi, kamphepo kanakankha neti, ndipo neti inagwira moto. Amene munaonapo neti ikupsa mukudziwa kuti siyaka ngati udzu. Imasungunuka n'kumadontha, ndipo dontho lililonse likagwera pa matiresi kapena pa chitenje limayatsa moto wina.

Mayi wa pa bedi loyandikana anali ndi beseni la madzi m'mene ananyikamo matewera. Anangolikhuthulira pomwepo, moto n'kuzima. Palibe anapsa kupatula gogo uja, amene anawauka zala pokoka netiyo.

Koma pa kanthawi kochepako wodi yonse inali itadzuka. Mumdima, amayi akukuwa, makanda akulira, wina akupondana ndi mnzake wogona pansi. Ena anathamangira ku chitseko chachikulu. Ena anathamangira ku chitseko chakumbuyo, chija pamwamba pake panali chikwangwani chobiriwira chosonyeza kuti n'chotulukira pa ngozi. Anachipeza chomangidwa ndi tcheni ndi loko. Kutsogolo kwake kunali mabedi awiri othyoka ndi makatoni a mafayilo akale.

Zitakhala bata ndinapita kwa alonda kukafunsa kiyi. Anati ali ndi akuluakulu a wodi. Kutacha ndinafunsa akuluakulu a wodi, iwo anati ali ku ofesi ya okonza zinthu zowonongeka. Ku ofesi kuja anandiuza kuti amene ankasunga kiyiyo anasamutsidwa kalekale. Pobwerera ndinaima pa botolo lofiira lozimitsira moto limene linapachikidwa m'kolido. Kamuvi kake kanali katagwera pofiira, kusonyeza kuti mulibe mphamvu, ndipo kapepala kolembapo tsiku limene analiyeza komaliza kanali katafufutika. Ine ndemwe ndinali nditadutsa pa botololo tsiku ndi tsiku kwa miyezi yambiri osaliyang'ana n'kamodzi komwe. Zimenezo ndikuvomera pamaso panu.

Ndinalemba lipoti. Yankho linabwera pakamwa, m'kolido momwemo: "Tamva asisita, koma pakali pano palibe ndalama."

Mawu akuti palibe ndalama ndi amene ndikufuna kulimbana nawo lero. Ndikudziwa kuti zipatala zathu n'zosauka. Ndagwirapo ntchito masiku amene kunalibe ngakhale magolovesi. Munthu akandiuza kuti sitingakwanitse kuika mapaipi othira madzi okha kudenga ngati a m'zipatala za kunja, ndimamumvetsa. Koma kodi kuchotsa tcheni pa chitseko kumafuna ndalama zingati? Kusuntha mabedi awiri othyoka kumafuna bajeti ya ku Capital Hill? Kusonkhanitsa anamwino, alonda ndi okolopa kwa theka la ola n'kuwafunsa kuti, moto utabuka usiku uno, ndani anyamula makanda, ndani athimitsa magetsi, ndani atsegula chitseko, kumeneko kumafuna thandizo la azungu? Zinthu zimene zimapulumutsa anthu m'mphindi zisanu zoyambirira za moto ndi zotchipa kuposa chakudya cha pa msonkhano umodzi wa kunyanja. Chimene chikusowa ndi munthu amene angadzuke m'mawa akudziwa kuti ntchito imeneyi ndi yake, ndipo kuti zikalakwika afunsidwa ndi iyeyo.

Taganizani za anthu amene amagona m'wodi. Msika ukamapsa, anthu amathawa ndi miyendo yawo. M'chipatala muli mayi amene wangotuluka ku fiyeta, anamubaya jakisoni wa pamsana, ndipo miyendo yake sikumva kanthu kwa maola angapo. Muli bambo amene mwendo wake wothyoka unamangidwa ku chitsulo cha bedi. Muli agogo ofa ziwalo mbali imodzi. Muli mwana wa chibayo amene akupuma chifukwa cha kapaipi ka m'mphuno. Muli makanda obadwa masiku asanakwane ku nazale, amene ngakhale kulira mokweza sangathe. Usiku anamwino timakhala awiri, nthawi zina mmodzi, pa wodi yodzaza mpaka pansi. Manja anga ndi awiri. Ndikhoza kunyamula makanda awiri, mwina atatu ndikawakulunga m'chitenje. Otsalawo adikira kuti ndibwerenso, ndipo kubwereranso m'chipinda chodzaza utsi si chinthu chimene munthu amachita kawiri.

Za utsizi ndikufuna muzimvetse bwino, chifukwa ambiri timaopa malawi. Pa moto wa m'nyumba, anthu ambiri amafa ndi utsi malawi asanawafike. Matiresi a siponji, mapulasitiki, makatani ndi mawaya zikamapsa zimatulutsa mpweya wapoizoni umene umalanda malo a mpweya wabwino m'magazi. Munthu amayamba chizungulire, amasokonezeka, amagwa, basi. Wogona tulo kapena wofooka ndi matenda sadzuka n'komwe. Ndiye onjezanipo mawindo athu. Pafupifupi wodi iliyonse imene ndagwiramo ili ndi zitsulo zowotcherera m'mawindo onse, zoti ngakhale mwana sangatulukirepo. Ngati chitseko chakumbuyo n'chokhoma, ndiye kuti chipinda cha anthu makumi angapo chili ndi khomo limodzi. Moto ukayambira pafupi ndi khomo limenelo, nkhani yatha.

Ndipo zoyatsa moto m'chipatala n'zambiri kuposa m'nyumba mwanu. Nyumba zambiri za zipatala za boma zinamangidwa kalekale, nthawi imene wodi inkangofuna mababu ndi ketulo imodzi. Lero pa mawaya akale omwewo talumikizapo makina a mpweya, mahita ofunditsira makanda, mafuriji a katemera, makina oyamwa zamadzi, ndi matchaja a foni za aliyense. Soketi imodzi, ekisitenshoni pamwamba pa ekisitenshoni inzake. Kudenga, pamwamba pa siling'i, makoswe akudya mawaya ndipo palibe amakwerako kukaona. Magetsi akathima n'kubwera mwamphamvu, waya wotopa amatentha mwakachetechete. Soketi yakuda ngati yawauka, pulagi yotentha mukaigwira, fungo la pulasitiki yopserera, babu lophethira lokha: zonsezi ndi moto umene ukugogoda pachitseko. Ife timangozimitsa swichi n'kunena kuti tiwauza a magetsi Lolemba.

Palinso okosijeni. Chibwerereni Covid-19, masilinda ndi makina a mpweya achuluka m'zipatala zathu, ndipo zimenezo n'zabwino, apulumutsa ana ambiri. Koma ndi angati anaphunzitsidwa kuopsa kwake? Okosijeni payekha sayaka, koma amachititsa china chilichonse kuyaka mwaukali. Mu mpweya umene timapumawu, okosijeni ndi magawo 21 pa 100 alionse. Akangokwera pang'ono m'chipinda chotseka mawindo, chifukwa cha paipi yodontha kapena silinda yosatsekedwa bwino, bulangete limene likanangofuka utsi limalilima ngati lathiridwa petulo. Mafuta odzola, girisi, sipiriti ndi mankhwala opaka m'manja aja siziyenera kuyandikira pakamwa pa silinda. Ndaonapo silinda yaikulu itangoimikidwa pakona popanda tcheni yoigwira, ana akusewera pambali pake. Tcheni ili ku chitseko chotulukira, kumene siikufunika.

Mwina wina akuti asisita akukokomeza. Tiyeni tione kwa anzathu. Mu April 2021, pa chipatala cha Ibn al-Khatib mumzinda wa Baghdad ku Iraq, silinda ya okosijeni inaphulika m'wodi ya odwala Covid-19. Anthu osachepera 82 anafa. Patangotha miyezi itatu, mu July chaka chomwecho, wodi ina ya Covid-19 inapsa mumzinda wa Nasiriyah m'dziko lomwelo, n'kupha anthu osachepera 60. Ku India, mu January 2021, makanda 10 anafera ku nazale ya chipatala cha boma cha Bhandara.

Koma nkhani imene imandisowetsa tulo ndi ya ku Senegal, chifukwa zipatala zawo sizisiyana kwenikweni ndi zathu. Mu April 2021 makanda 4 anafa pa moto pa chipatala cha m'tauni ya Linguère. Anthu analira, akuluakulu analankhula. Patatha chaka chimodzi, mu May 2022, moto unabuka ku nazale ya chipatala cha m'tauni ya Tivaouane, ndipo makanda 11 anafa. Akuluakulu a boma anati gwero lake linali vuto la mawaya a magetsi. Pulezidenti wa nthawiyo, Macky Sall, analamula masiku atatu okhuza maliro ndipo anachotsa nduna ya zaumoyo. Chenjezo anali atalandira chaka chathunthu m'mbuyomo. Kuchotsa nduna sikunabwezere mayi aliyense mwana wake. Amayi amene anasenza mimba miyezi yonse ija, napita kuchipatala monga momwe ife anamwino timawalangizira, anabwerera kwawo ndi zitenje zopanda kanthu.

Abale athu amene ali ku Joni akukumbukira moto wa pa chipatala cha Charlotte Maxeke mumzinda wa Johannesburg, mu April 2021 momwemo. Chipatala chachikulu, cha nsanjika zambiri. Odwala pafupifupi 700 anasamutsidwira ku zipatala zina ndipo palibe amene anafa ndi motowo, koma mbali zina za chipatalacho zinakhala zotseka kwa nthawi yaitali, odwala khansa akusowa kolowera. Kumeneko kunali maambulansi, magalimoto ozimitsa moto ndi zipatala zina zapafupi zolandira anthu. Kwathu kuno chipatala cha boma chimakhala chimodzi m'boma lonse. Chikapsa, mayi wofunika opaleshoni usiku umenewo apita kuti?

Ndipo si nkhani yakunja yokha. Mu April 2018 moto unawononga mbali ina ya chipatala cha boma cha Mangochi, kuphatikizapo kumene amathandizirako amayi oyembekezera. Mu December 2015 laibulale ya pa yunivesite ya Mzuzu inapsa ndi mabuku ake masauzande ambiri, mumzinda umene uli ndi ozimitsa moto. Misika yathu imapsa chaka ndi chaka. Akuluakulu anati chaona mnzako chapita, mawa chili kwa iwe. Ine ndikufunsa: moto wa ku Mangochi utachitika, ndi zipatala zingati zimene zinayendera zitseko zawo sabata yotsatira? Kumene ndinali ine, tinangokambirana pa tiyi n'kupukusa mitu.

Musadalire galimoto yofiira. Magalimoto ozimitsa moto a makhonsolo ali m'mizinda ya Blantyre, Lilongwe, Mzuzu ndi Zomba. Maboma ambiri alibe. Kuchokera ku Zomba kukafika ku Mangochi ndi makilomita oposa 100. Wodi ya denga la matabwa ouma ndi siling'i yakale siidikira galimoto imene ikudutsa pa Liwonde. Ku chipatala chaching'ono cha kumudzi, kumene msewu wake umaduka nthawi ya dzinja, ozimitsa moto ndi inuyo, ine, mlonda ndi ndowa. N'chifukwa chake chitseko, kiyi ndi botolo lofiira lija zili zofunika kwambiri kwa ife kuposa kwa anthu a m'tauni.

Tsopano ndiyankhe anzanga amene amakhoma zitsekozi, chifukwa si anthu oipa ndipo ali ndi zifukwa zawo. Amati tikasiya chitseko chakumbuyo chosakhoma, akuba alowa kudzaba mafoni a odwala, mabulangete ndi mankhwala. Amati odwala ena amathawa usiku. Amati kuli anthu oba makanda. Zonsezi n'zoona, ndipo ine ndemwe foni yanga inabedwapo pa naiti. Koma chitseko chikhoza kukanika kutsegukira kunja n'kumatseguka mosavuta kwa amene ali mkati. Chitsulo chokoka ndi dzanja cha mkati, chimene wowotcherera aliyense wa pa msika angapange, chimaletsa wakuba wa panja ndipo mayi wa mkati amachikoka ndi dzanja limodzi mwana ali kumsana. Ngati loko akufunikadi, kiyi apachikidwe pambali pa chitseko pomwepo m'kabokosi koonekera, ndipo wina akhale m'thumba la namwino wa pa naiti, azipatsirana pamodzi ndi makiyi a kabati ya mankhwala. Makiyi a mankhwala oletsa ululu sitiwataya, timawawerengera ndi kusainira tsiku lililonse, chifukwa akasowa munthu amapita kupolisi. Kiyi wa moyo wa anthu onse a m'wodi ndiye amasochera kwa zaka osafunsidwa. Tinaika mtengo wa bulangete pamwamba pa mtengo wa mwini bulangete.

Ena amati tsoka silinunkha, ngozi ndi ngozi, zonse ndi chifuniro cha Mulungu. Ine ndine wopemphera, ndipo usiku uja ndinathokoza Mulungu ndi misozi. Koma tsoka ili limanunkha. Limanunkha pulasitiki yopserera pa soketi. Mulungu sanagule tcheni ija, ndipo si Iye anataya kiyi. Tikamati ngozi, timatanthauza chinthu chimene palibe akanachiona chikubwera. Chinthu chimene chinalembedwa m'lipoti, n'kuyankhidwa kuti palibe ndalama, chikadzachitika chisadzatchedwe ngozi.

Ndili ndi mawu kwa andale ndi akuluakulu a m'maboma. Mumakonda kumanga. Wodi yatsopano ili ndi mwala wolembapo dzina lanu, riboni yodula, amayi ovina ndi atolankhani. Kusintha mawaya a wodi yakale kulibe riboni. Kudzazitsa mabotolo ozimitsira moto kamodzi pa chaka sikutuluka pa wailesi. Choncho chipinda chatsopano chimamangidwa ndi ndalama za chitukuko cha m'dera, chokongola, chopaka penti, chokhala ndi khomo limodzi ndi zitsulo m'mawindo onse, ndipo palibe amene anafunsa kuti anthu adzatulukira pati. Khomo lachiwiri likaikidwa pomanga, mtengo wake ndi felemu ndi chitseko. Likaiwalika, palibe adzabwerenso kudzaboola khoma.

Anamwino anzanga, nafenso tisadzichotsemo. Ndi ife timalumikiza ketulo ndi hita pa ekisitenshoni ya makina a mpweya kukazizira mu June. Ndi ife timakankhira matebulo othyoka ku chitseko chakumbuyo chifukwa sitoo yadzaza. Ku sukulu ya unamwino tinaphunzira kutsitsimutsa khanda losapuma mpaka kuloweza, koma ambiri a ife sitinagwirepo botolo lozimitsira moto n'kulifinya. Ine ndinaphunzira nditachita manyazi usiku uja. Umasolola kapini, umaloza kapaipi pansi pa moto pamene pakuyakapo osati pa malawi, umafinya chogwirira, n'kumayendetsa uku ndi uku. Botolo la m'kolido limatha m'masekondi ochepa, silifika ngakhale mphindi imodzi, ndiye ndi la moto umene ukungoyamba, osati umene wafika kudenga. Ngati simunaphunzitsidwe, funsani pa msonkhano wa m'mawa, ndipo pemphani kuti zilembedwe m'buku.

Inunso magadiyani ndikuuzeni zoona, pakuti wakutsina khutu ndi mnansi. Kandulo m'wodi ayi. Ngati mukupita kukadikirira wodwala kapena kukadikira ku chitando, ikani katochi m'chikwama pamodzi ndi beseni, zitenje ndi lumo. Tochi ya mabatire kapena ya sola ndi yotchipa kuposa neti imodzi. Mbaula isalowe m'chipinda chogona ngakhale kuzizire bwanji: kuwonjezera pa moto, makala oyaka m'chipinda chotseka amatulutsa mpweya wopanda fungo umene umapha anthu ali m'tulo. Mukatha kuphika ku chitando, zimitsani makala ndi madzi, musangowakwirira ndi phulusa pafupi ndi nkhuni ndi mphasa za anzanu. Musalowetse mawaya osenda m'soketi kuti mutchaje foni. Musazule pulagi ya makina a mpweya kuti muikepo tchaja, zimenezi ndinazionapo ndi maso anga. Azibambo, fodya pafupi ndi wodwala wa okosijeni ndi kupha. Ndipo mwana akakhala pa kapaipi ka mpweya, musamupake mafuta odzola m'mphuno kapena pa milomo musanafunse namwino.

Koma ndikanena zimenezi, akuluakulu asapezerepo pothawira n'kumati vuto ndi anthu akumudzi osamva. Gogo uja anayatsa kandulo chifukwa chipatala chinali mumdima. Chipatala chinali mumdima chifukwa jenereta inalibe mafuta ndipo m'wodi munalibe nyali ngakhale imodzi ya sola. Tsiku limene moto udzaphe anthu, kudzakhala kosavuta kugwira gogo wosadziwa kuwerenga n'kumuika pa nyuzipepala. Amene anasainira kuti mafuta a jenereta apite ku galimoto ya bwana sadzatchulidwa.

Nanga inu mungachite chiyani? Choyamba n'chaching'ono. Tsiku limene mwagonekedwa kapena mwabweretsa wodwala, kusanade, yendani ndi maso. Makomo ndi angati? Lachiwiri lili kuti, ndipo likutseguka? Funsani mwaulemu: "Asisita, kutachitika moto usiku titulukira kuti?" Ndikudziwa kuti ambiri mumaopa kufunsa, mumati namwino akakwiya sandithandiza bwino. Ena a ife timayankhadi mwamwano, ndipo n'zolakwika. Koma funso limeneli si chipongwe, ndipo namwino wanzeru adzakuthokozani, chifukwa nayenso amagona m'chipinda chomwecho. Akamva funso lomwelo kwa amayi asanu pa sabata, adzalitengera kwa akuluakulu ake.

Chachiwiri chili ndi mphamvu kuposa lipoti langa. Chipatala chilichonse cha boma chimayenera kukhala ndi komiti ya anthu a m'dera yoyang'anira chipatalacho. M'zipatala zambiri mulinso ofesi ya ombudsman wa pachipatala, wolandira madandaulo a odwala. Kuli a VDC ndi a ADC, kuli khansala, kuli mafumu. Anthu amenewa amafunsa za kusowa kwa mankhwala ndi za ambulansi, ndipo amachita bwino. Awonjezere mafunso awa: zitseko zotulukira pa ngozi zikutseguka? Mabotolo ozimitsira moto anayezedwa liti? Wa magetsi anayendera liti mawaya a ku nazale? Ogwira ntchito usiku anayesererapo kutulutsa odwala? Ndipo asakhutire ndi yankho la mu ofesi. Apite okha akakankhe chitsekocho ndi manja awo. Ine wantchito wa boma ndikalankhula kwambiri akhoza kundisamutsira kutali. Amfumu sangawasamutse.

Moto ukabuka muli m'wodi, kuwani kuti onse adzuke. Nyamulani mwana, siyani katundu. Chikwama, ndowa, mapoto, ngakhale buku la kuchipatala, zonsezo zimapezekanso. Utsi umakwera m'mwamba, choncho weramani kapena kwawani, mutatseka mphuno ndi pakamwa ndi chitenje, chonyowa ngati madzi ali pafupi. Amene muli ndi mphamvu thandizani amene sangayende: munthu wamkulu akhoza kukokedwa pansi atagonekedwa pa bulangete, anthu awiri atagwira kumutu. Womaliza kutuluka atseke chitseko cha chipinda chimene chikupsa, osakhoma, chifukwa chitseko chotseka chimachedwetsa moto ndi utsi. Musathire madzi pa moto wa magetsi swichi yaikulu isanathimitsidwe. Mukatuluka khalani pamodzi pabwalo kuti tiwerengane, ndipo musabwerere mkati. Zovala zikagwira moto musathamange, gonani pansi n'kugubuduzika, kapena wina akufunditseni bulangete lolemera. Pamene papsa thiranipo madzi ozizira oyera kwa mphindi 20. Osapakapo dzira, mankhwala otsukira mano, mafuta ophikira, ndowe kapena dothi. Zimenezo timavutika kuzichotsa ndipo zimalowetsa majeremusi pa bala.

Pali chinthu chimodzi chimene ndikuopa polemba zonsezi. Ndikuopa kuti mayi wina awerenga n'kunena kuti, ngati zili choncho ine ndikachirira kunyumba kapena kwa azamba. Mayi anga, ayi. Moto wa m'chipatala umachitika mwa apo ndi apo. Kutaya magazi pobereka, kuthamanga kwa magazi kofika pokomoka, mwana wopingasa, khanda lobadwa losapuma, zimenezi timaziona sabata iliyonse, ndipo kunyumba zimapha msanga. Bwerani kuchipatala, bwerani nthawi yabwino, katochi kali m'chikwama. Chipatalacho ndi chanu, chinamangidwa ndi misonkho yanu, ndipo njerwa za chitando munaumba ndinu. N'chifukwa chake muli ndi ufulu wofunsa za zitseko zake.

Mwina mukufuna kudziwa kuti tcheni ija inatha bwanji. Lipoti langa silinaichotse. Patapita miyezi, ndinafotokozera mayi wina wa m'komiti ya chipatala, amene anabwera kudzaona mdzukulu wake. Sanalankhule zambiri. Pa msonkhano wotsatira wa komiti anapempha kuti onse, pamodzi ndi akuluakulu a chipatala, ayende naye kukaona chitsekocho. Ataima pamenepo anapempha kuti achitsegule iye akuona. Anthu anayang'anana. Tsiku lomwelo masana anaitana mnyamata wowotcherera wa pa msika, anadula loko, naika chitsulo chokoka cha mkati. Ndalama yake inali yochepa moti a komiti anangosonkherana m'matumba mwawo. Mabedi othyoka aja anawatulutsa alonda awiri, ntchito yosafika ndi theka la ola.

Botolo lofiira lija, pamene ndinkachoka pa chipatalapo, kamuvi kake kanali kadakali pofiira.